Nyenyezi zikalowa mu uvuni n'kutuluka zophwathalala: chimachitika n'chiyani m'kati mwa bisiketi?

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, m'magulu a WhatsApp a amayi kuno ku Mulanje mumadzaza zithunzi za mabisiketi okongola. Ena ali ngati nyenyezi, ena ngati mtima, ena ngati kabelu, m'mbali mwake mowongoka ngati wina wachita kujambula ndi rula. Pakapita masiku awiri atatu mumayamba kubwera zithunzi za amene ayesera. Thireyi yonse yasanduka chimkate chimodzi, nyenyezi zamatana, mtima sukudziwikanso kumutu ndi kumchira. Apo mtsutso wabuka. Wina akuti vuto ndi majarini, mukanagula batala. Wina akuti pa mbaula sizingatheke, zimenezi n'za anthu a uvuni wa magetsi. Winanso akuti zodulira za pulasitiki za pamsika n'zachabechabe.

Ine zinandionekera kwathu ku Chitakale. Mwana wa achimwene anga, wa zaka 7, anadula yekha nyenyezi 12 n'kuziyala pa thireyi, lilime lili kunja chifukwa chosamala. Nditavundukula poto, iye anasuzumira nthawi yaitali kenako anandifunsa chapansipansi kuti, "Azakhali, nyenyezi zanga zija mwaziika kuti?" Funso limenelo linandikhudza, ndipo ndi limene linandichititsa kufuna kumvetsa zimene zimachitika pa mphindi 10 zimene mtanda umakhala pamoto.

Ndi mabisiketi amtundu wanji amenewa?

Kuno timangoti mabisiketi, kutsatira Angerezi. Liwu lakuti bisiketi linachokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, ndipo limatanthauza chinthu chophikidwa kawiri, chifukwa kale ankaumitsa mkate pouwotchanso kuti usawonongeke pa ulendo wautali. Ku America amati cookie, liwu lochokera ku Chidatchi lakuti koekje, kutanthauza kakeke kakang'ono. Choncho mukaona pa intaneti alemba kuti sugar cookie, musadabwe: ndi bisiketi ya fulawa, shuga, batala kapena majarini ndi dzira, basi. Chosiyanitsa mtundu uwu ndi inzake n'chakuti mtanda wake umausalaza pa tebulo n'kumaudula ndi chodulira chokhala ndi maonekedwe amene ukufuna.

Funsani woumba njerwa

Chodulira chija kwenikweni ndi chikombole chopanda pansi. Ndipo aliyense amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti chikombole chimangopereka maonekedwe, koma chosunga maonekedwewo ndi dothi. Dothi likachuluka madzi, ukangozula chikombole njerwa imakhala pansi n'kuphwathalala, ngakhale chikombolecho chikhale chatsopano chochokera kwa kalipentala wodziwa. N'chimodzimodzi ndi bisiketi. Chodulira chikamaliza ntchito yake chimabwerera m'kabati, mtanda n'kulowa pamoto wokhawokha.

Pamotopo pamachitika zinthu ziwiri zolimbana. Choyamba, mafuta a mu mtanda amasungunuka. Batala amasungunuka pa madigiri 32 mpaka 35, kutentha kosafika n'komwe pa kutentha kwa thupi la munthu. Shuga nayenso amayamba kusungunuka m'timadzi tochepa timene tili mu mtanda, n'kukhala ngati manyuchi. Pa nthawi imeneyi mtanda umafewa ndipo umafuna kuyenderera m'mbali. Chachiwiri, kutentha kukamalowa m'kati, dzira limayamba kugwira pa madigiri 60 mpaka 70, monga limachitira mu chiwaya, madzi amauluka, fulawa amauma, bisiketi n'kulimba pamene yafika. Ndiye nkhani yonse yagona pa chimene chayamba kufika: mtanda ukalimba usanayenderere, nyenyezi imatuluka ili nyenyezi. Ukayenderera kaye n'kudzalimba pambuyo, mumapeza chimkate chija.

Malangizo onse amene mumamva, oti ziziritsani mtanda, musachulutse shuga, moto ukhale utakolera kale, cholinga chake n'chimodzi: kuchedwetsa kusungunuka kapena kufulumizitsa kulimba.

Fulawa: chimene chimathandiza mandasi chimawononga bisiketi

Mu fulawa wa tirigu muli mapuloteni awiri amene akakumana ndi madzi n'kukandidwa amalukana n'kupanga chinthu chotamuka ngati legeni. Chinthu chimenechi amachitcha gluten. Ufa wa chimanga ulibe gluten, n'chifukwa chake chigumu chimayoyoka pomwe buledi amatamuka. Amayi okazinga mandasi amamudziwa bwino gluten ameneyu ngakhale samutchula dzina. Amakanda mtanda mpaka manja kuwawa chifukwa amafuna kuti utamuke, usunge mpweya, mandasi afufume.

Apa ndi pamene ambiri a ife timaphonyera, chifukwa manja athu anazolowera mandasi. Pa bisiketi gluten wambiri safunika. Mukakanda kwambiri, mtanda umakhala ngati legeni yokokedwa: mukamausalaza umabwerera, mukadula mtima umakhwinyata n'kupotoka, ndipo bisiketi yake imatuluka yolimba ngati khungwa m'malo mofumbutuka m'kamwa. Fulawa akangolowa, sakanizani mpaka ufa woyera usaonekenso, muumbe mtanda, mulekere pomwepo. Dzanja likamafuna kupitiriza, liletseni.

M'masitolo mumapezeka fulawa wolembedwa kuti ndi wa buledi ndi wina wa keke. Wa buledi ali ndi mapuloteni ambiri, choncho amapanga gluten wambiri. Wa keke ndi amene amayenera pano. Palinso wolembedwa self-raising, amene anamuthira kale zofufumitsa. Ameneyu ndi wabwino ku masikono, koma pa mabisiketi odula amafufumitsa mopyola ndipo nsonga za nyenyezi zimabulungika. Ngati muli ndi wa buledi yekha, chotsaniko masipuni awiri kapena atatu n'kuikapo ufa wa chinangwa wosefa bwino, umene ulibe gluten. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja, wolimidwa kuno monga ku Neno ndi ku Tsangano ndi wochepa, choncho fulawa si chinthu chotaya pa thireyi yolephereka.

Batala, majarini kapena mafuta ophikira?

Mtsutso uwu ndi umene umatenga nthawi m'magulu muja, ndipo mbali iliyonse ili ndi mfundo yake.

Batala amachokera ku mkaka. Pa magawo 100 alionse, pafupifupi 80 ndi mafuta ndipo ambiri mwa otsalawo ndi madzi. Amanunkhira bwino, ndipo akazizira amalimba gwa, zimene zimathandiza podula. Vuto lake ndi mtengo, komanso kuti amasungunuka msanga. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa limaswa mtengo, batala amatha kufewa m'manja musanamalize n'kusalaza komwe.

Majarini amapangidwa kuchokera ku mafuta a zomera, ndipo alipo a mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Alipo olimba okulungidwa m'pepala ngati njerwa, opangidwira kuphikira makeke, amene mafuta ake amayandikira a batala. Aliponso ofewa a m'kabakuli, opangidwira kupaka pa buledi. Ambiri mwa ofewawa ali ndi madzi ochuluka. Madzi owonjezerawo amadzutsa gluten uja, amasungunula shuga msanga, komanso amasanduka nthunzi n'kufufumitsa bisiketi mosalongosoka. Tembenuzani paketi muwerenge kuchuluka kwa mafuta. Akayandikira magalamu 80 pa magalamu 100 alionse, majariniwo agwira ntchito. Akatsika kwambiri, asungireni buledi. Choncho amene amati majarini amawononga akunena zoona za mtundu umodzi, ndipo amene amati majarini alibe vuto akunena zoona za mtundu winawo.

Mafuta ophikira a m'botolo ndi nkhani ina. Amapanga mabisiketi odyeka ndithu, koma popeza ndi amadzimadzi kale, simungawalimbitse powaziziritsa ndipo sasunga mpweya. Mtanda wake umayoyoka pounyamula, motero pa maonekedwe a nsonga zambiri amavutitsa.

Mafuta ali ndi ntchito inanso yobisika. Amakuta timibulu ta fulawa kuti madzi asatifike mosavuta, ndipo potero gluten amachepa. N'chifukwa chake timayamba ndi kutakasa mafuta ndi shuga, kenako dzira, fulawa n'kubwera pomalizira. Potakasapo, timiyala ta shuga timaboola mafuta n'kusiyamo timabowo ta mpweya. Pa keke timatakasa nthawi yaitali kuti mpweyawo uchuluke. Pa bisiketi yodula, mphindi ziwiri ndi mthiko zakwana, chifukwa mpweya wambiri umatupa pamoto kenako bisiketi n'kuphwa. Ndipo mafutawo akhale ofewa moti chala n'kulowa, osati osungunula pamoto.

Shuga ndi zofufumitsa

Shuga samangotsekemeretsa. Monga ndanenera, amasungunuka pamoto, ndiye akachuluka mtanda umayenderera kwambiri. Ife a Malawi timakonda zotsekemera, ndipo dzanja limakonda kuwonjezera kasipuni kena ka chikondi. Kasipuni kameneko ndi kamene kanadya nyenyezi za mwana uja, kuphatikiza ndi majarini a m'kabakuli amene ndinagwiritsa ntchito tsikulo. Ngati mukufuna kutsekemera kowonjezera, wazani shuga pamwamba pa bisiketi yodula kale.

Shuga wathu wochokera ku Nchalo ndi ku Dwangwa nthawi zambiri amakhala wa timiyala tikulutikulu, timene sitisungunuka tonse pa nthawi yochepa chonchi. Mukafuna bisiketi yosalala, musinjeni pang'ono mu kamtondo kouma. Wabulauni amasunga chinyezi kuposa woyera, choncho bisiketi yake imakhala yofewerako ndi yoderako. Si cholakwika, ndi kusankha chabe.

Kufiira kwa m'mbali mwa bisiketi ndi kafungo kaja kamene kamaitana ana a kwa aneba kumabwera shuga akakumana ndi mapuloteni a mu dzira ndi fulawa pa moto waukulu. Amene anafotokoza zimenezi koyamba ndi wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912. Ndi zomwezo zimene zimafiiritsa chimanga chootcha.

Tsono soda. Ameneyu timamudziwa tonse, ndi yemwe uja wa mu thelere ndi mu chigumu, mnzake wa chidulo. Soda amatulutsa mpweya bwino akakumana ndi chowawasa monga chambiko kapena madzi a mandimu. Mu mtanda wa bisiketi iyi mulibe chowawasa, ndiye soda amangotsala, n'kusiya kakomedwe ka sopo, kuderetsa bisiketi ndi kuiyendereretsa. Baking powder ndi soda yemweyo wosakaniza kale ndi chowawasa chake chouma, moti amagwira ntchito payekha. Wa mabisiketi odula ndi ameneyu, koma wochepa, theka la kasipuni ka tiyi. Ena saikamo n'komwe kuti m'mbali mutuluke mowongoka kotheratu, ndipo amalolera kuti bisiketi ikhale yothinirako.

Muyezo woyambira

Umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: magalamu 250 a batala kapena majarini olimba, magalamu 200 a shuga, dzira limodzi, magalamu 400 a fulawa, theka la kasipuni ka baking powder, ndi kamchere kotsina ndi zala ngati mafutawo alibe mchere kale. Vanila kasipuni kamodzi, kapena khungu la ndimu lopala mopyapyala. Amatuluka mabisiketi 30 kapena kuposerapo, malinga ndi kukula kwa chodulira.

Opanda sikelo, shuga ameneyu ndi kapu imodzi ya mamililita 250 yosadzaza mpaka pakamwa, ndipo fulawa ndi makapu atatu. Koma fulawa amanyenga. Kapu yotunga mokanikiza m'thumba imalemera kuposa yothiramo ndi sipuni, choncho khulupirirani dzanja: mtanda woyenera sumata m'zala, ndipo mukautsina sung'aluka. Anthu a ku Thyolo amene ali pafupi ndi mtedza wa makadamiya akhoza kuthiramo, bola ausinje kwambiri, chifukwa zibenthu zikuluzikulu zimakola chodulira n'kung'amba m'mbali.

Kuziziritsa ndi kudula

Pa zonse zimene ndalemba, ngati mungagwirepo chimodzi, gwirani ichi. Mtanda wozizira umalowa pamoto mafuta ake ali olimba, ndipo akamadzasungunuka, m'mbali mwa bisiketi mumakhala mutayamba kale kuuma. Kupuma kumathandizanso kuti gluten amene wapangika amasuke, ndiponso fulawa amwe timadzi tonse.

Okhala ndi furiji, salazani mtanda kaye usanalimbe, muuike pa thireyi, muvundikire ndi pulasitiki, ukhale ola limodzi. Mukadula, bwezeraninso mabisiketiwo mphindi 10 musanawaotche. Opanda furiji, kapena magetsi akazima, musataye mtima. Kulungani mtanda m'pulasitiki, muuike m'poto wovundikira, potoyo mumukhazike m'beseni la madzi a mu mtsuko, pamwamba muyale nsalu yonyowa pamalo podutsa mphepo. Sizifika pa furiji, koma zimathandiza. Ndipo gwirani ntchitoyi mbandakucha, tebulo likadali lozizira, kutali ndi mbaula. Kuno tili ndi mwayi wina: m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwira phiri, khitchini yonse imazizira yokha ndipo mtanda umamvera.

Posalaza, botolo loyera lopanda pepala limagwira bwino ntchito. Kuchindikala kwake kukhale mamilimita 5 kapena 6, ndipo kukhale kofanana paliponse, apo ayi mbali yopyapyala ipserera inayo isanapse. Njira yosavuta ndi kuika timatabwa tiwiri tofanana uku ndi uku kuti botolo lizigudubuzika pamwamba pake. Fulawa wowaza pa tebulo akhale wochepa.

Chodulira chiviikeni mu fulawa, mukanikize molunjika pansi, muzule molunjika m'mwamba. Musachipotokole ngati mukutsegula botolo, chifukwa kupotokola kumakoka m'mbali. Dulani moyandikanitsa kuti zotsalira zichepe, pakuti nthawi iliyonse imene muphatikiza zotsalira n'kusalazanso, ndiye kuti mukukanda, ndipo mabisiketi a ulendo wachitatu amakhala olimba kuposa oyamba.

Nanga chodulira chabwino n'chiti? Chachitsulo n'chakuthwa ndipo chimadula mwaukhondo, koma chimachita dzimbiri mukachisunga chonyowa, makamaka kuno kwa mvula yambiri. Chapulasitiki sichichita dzimbiri ndipo n'chabwino kwa ana, kungoti n'chobuntha pang'ono, motero chimafuna mtanda wolimba. Chimene ndimakonda ine anandikhomera mmisiri wokhoma ndowa ku msika wa Limbuli. Ndinamujambulira tsamba la tiyi pa pepala, iye anadula kalamba kuchokera ku chitini cha mkaka wa ufa, anapinda mlomo wa pamwamba kuti usacheke dzanja, n'kukhotetsa ndi pulayala pang'onopang'ono mpaka nsonga ya tsambalo inaoneka. Mukapangitsa chotere, chitinicho chikhale choti munali chakudya, osati penti kapena mankhwala. Pa zozungulira, kukamwa kwa tambula n'kokwanira.

Moto

Mu uvuni wa magetsi kapena wa gasi, madigiri 180 kwa mphindi 8 mpaka 12, ndipo uvuniwo ukhale utatentha kale mabisiketi asanalowe. Mukawaika mu uvuni wofunda chabe, mafuta amasungunuka pang'onopang'ono pamene palibe chikulimba.

Pa mbaula n'zotheka, ndipo amene amaphika chigumu ali kale pakati pa njira. Tengani poto wamkulu wakale, muthiremo mchenga woyera wouma wochindikala ngati zala ziwiri kapena zitatu, muvundikire, atenthe kwa mphindi 15. Mchengawo umasunga kutentha n'kukugawa mofanana kuti pansi pasapserere. Khazikani kathireyi pa timiyala titatu pamwamba pa mchenga, muvundikire, makala ena muike pa chivundikiro. Makala a pamwamba achulukeko kuposa a pansi. Popeza palibe choyezera kutentha, yambani ndi bisiketi imodzi. Ikadera isanakwane mphindi 5, moto wachuluka. Ikafika mphindi 15 ili yotuwa ndi yophwathalala, moto wachepa. Bisiketi imodzi yoyesera imapulumutsa mtanda wonse.

Thireyi musaipake mafuta ochuluka, pakuti bisiketi imatsetsereka pamenepo. Kupaka pang'ono n'kuwaza fulawa kwakwana. Musaikenso mtanda pa thireyi imene yangochoka pamoto, idikireni izizire. Mabisiketi a pa thireyi imodzi akhale ofanana kukula, ndipo a nyenyezi muwayang'anire kwambiri chifukwa nsonga zake ndi zimene zimayamba kupsa.

Chimene chimanyenga ambiri n'chakuti bisiketi yakupsa imakhala yofewa ikadali yotentha. Ukaikhudza umaganiza kuti sinapse, n'kuibwezera pamoto. Chizindikiro chenicheni ndi m'mbali mongoyamba kufiira ndi pamwamba posanyezimiranso. Iphuleni pamenepo, ikhale pa thireyi mphindi 5, idzalimba yokha mafuta ndi shuga zikamazizira.

Kukongoletsa ndi kusunga

Zoyera kapena zamitundumitundu zimene mumaona pamwamba pa mabisiketi a m'zithunzi zimapangidwa ndi icing sugar, amene ndi shuga wopera mpaka kukhala ngati ufa. Ena amamusakaniza ndi choyera cha dzira losaphika kuti aume molimba. Dzira losaphika likhoza kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, choncho pa mabisiketi a ana, amayi oyembekezera kapena ogulitsa, njira yopanda chiopsezo ndi kusakaniza shugayo ndi madzi a mandimu dontho ndi dontho mpaka akhale ngati phala lolimbirako. Pa chifukwa chomwecho, ana asamadye mtanda wosaotcha. Pakani pokhapokha mabisiketi atazizira kotheratu.

Chiperoni chomwe chija chimene chinatithandiza podula chimatembenuka pa nkhani yosunga. Shuga amakoka chinyezi cha mu mpweya, monga mchere umanyowera m'mbale nthawi ya dzinja, ndipo bisiketi yosiyidwa pa mtetete ku Mulanje kapena ku Thyolo imafika mawa lake itafewa. Ikangozizira, ilowe m'chitini kapena m'botolo lotsekeka bwino, ndipo musaiike pamodzi ndi keke kapena masikono chifukwa imayamwa chinyezi chawo. Ogulitsa m'timapepala ta pulasitiki adikire mpaka kutentha konse kutathe, apo ayi thukuta la m'kati lifewetsa katundu asanafike ku Luchenza. Amene afewa kale, ngati sanapakidwe kanthu pamwamba, abwezereni pa moto wochepa kwa mphindi 3 kapena 4, muwasiye azizire, ndipo adzayambanso kukukutika.